Kalulu akayamba chimfine, chitani izi msanga

Anzanga oweta akalulu kuno ku Zomba, kuzizira kwa Juni ndi Julayi kukafika, yang'anani mkati mwa miyendo yakutsogolo ya akalulu anu. Ubweya ukamatana pamenepo, ndiye kuti kalulu akupukuta mamina, ngakhale simunamumve akuyetsemula.

Muchotseni pa anzake tsiku lomwelo, chifukwa kachilombo ka Pasteurella, komwe nthawi zambiri kamayambitsa chimfinechi, kamafala msanga m'khola. Kenaka nunkhizani kholalo. Fungo la mikodzo likakulasani m'mphuno, dziwani kuti kalulu likumupweteka koposa, poti iye amakhala pansi pomwepo usana ndi usiku. Chotsani zonyowa zonse, ikani udzu wouma wopanda fumbi, utuchi ayi. Mbali yomwe kukuchokera mphepo tchingani ndi thumba, koma musatseke khola lonse.

Kalulu amapuma ndi mphuno basi, ndiye muzimupukuta ndi kansalu konyika m'madzi ofunda kawiri kapena katatu patsiku. Ine ndimaikanso beseni la madzi otentha pafupi ndi khola, pomwe sangalifike, kwa mphindi 10, kuti nthunzi ifewetse mamina. Mphuno zikatseka samva fungo la chakudya, choncho mumunyengerere ndi chisoso kapena kholowa watsopano.

Chonde musamumwetse amoxicillin kapena penicillin wotsala m'nyumba. Mankhwalawa amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo mwake, kalulu amatsegula m'mimba n'kufa. Mamina akakhala oyera ndi olimba, kalulu akasiya kudya kwa maola 12, kapena akamapuma ndi kukamwa, pitani kwa alangizi a ziweto nthawi yomweyo akupatseni mankhwala oyenera kalulu.