Momwe mungayerekezere nthano zazitali ziwiri: Mrs Dalloway ndi Beloved

Ophunzira ambiri akauzidwa kuyerekeza mabuku awiri amafotokoza tsatanetsatane wa loyamba, kenako wa lachiwiri, n'kutseka ndi mawu akuti onsewo akukamba za chikondi ndi mavuto. Pamenepo palibe chayerekezedwa. Tiyeni tione njira ina pogwiritsa ntchito Mrs Dalloway ya Virginia Woolf, yomwe idatuluka mu 1925, ndi Beloved ya Toni Morrison, ya mu 1987. Funso loti muligwiritsitse ndi limodzi: kodi zakale zikulowa bwanji m'moyo wa lero wa ampangankhani?

Choyamba, werenganinso pensulo ili m'manja. Paliponse pomwe mpangankhani wachoka pa zalero n'kubwerera kumbuyo, chongani, ndipo lembani m'mbali chomwe chamubweza. Clarissa Dalloway wangotuluka m'mamawa kukagula maluwa a phwando lake, kamphepo ka m'mawa kamukumbutsa ku Bourton komwe ankakhala ali ndi zaka 18. Sethe wa mu Beloved amayesetsa kusakumbukira, koma munda wa Sweet Home ku Kentucky, komwe adali kapolo, umangomufikira wosauitana. Dziwani kuti buku la Woolf lilibe mitu, choncho zolemba zanu muzisanje potsata maola.

Chachiwiri, jambulani mizere iwiri ya nthawi pa buku lililonse: wa momwe zinthu zidachitikira ndi wa momwe wolemba akuziululira. Nkhani ya Woolf yonse ikutha m'tsiku limodzi la mwezi wa June mu 1923 ku London, wotchi ya Big Ben ikulira ola ndi ola. Ya Morrison ikuyamba mu 1873 m'nyumba ya Sethe, nambala 124 pa Bluestone Road ku Cincinnati, koma chomwe chasokoneza nyumbayo chidachitika zaka 18 m'mbuyo, ndipo wowerenga amachimva pang'onopang'ono, kuchokera kwa anthu osiyanasiyana. Mukaika mizereyi pamodzi muona kuti ku London nthawi ikuthamanga ndipo anthu akuopa kukalamba, pomwe pa 124 nthawi yaima.

Chachitatu, ndipo apa ndi pofunika kukhalitsa, sankhani bwino oti muwaike pamodzi. Ambiri amathamangira Clarissa ndi Sethe chifukwa onse ndi amayi komanso ampangankhani aakulu. Ine ndimaona kuti pa za mabala a mumtima, woyenera kuyamba naye ndi Septimus Warren Smith wa mu Mrs Dalloway, msilikali wa nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Mnzake Evans ataphedwa ku Italy nkhondo ili pafupi kutha, Septimus adadziyamikira kuti sadamve chisoni kwenikweni. Patapita zaka akumuona Evans akuyenda mu Regent's Park. Muikeni pafupi ndi Paul D wa mu Beloved, kapolo mnzake wa Sethe ku Sweet Home, yemwe zowawa zake adazitsekera m'kachitini ka fodya kadzimbiri pamalo pomwe padali mtima. Muikeninso pafupi ndi Sethe, amene atangolawa ufulu masiku 28 adaona eni ake akubwera kudzamugwira, n'kupha mwana wake wamkazi kuti asabwerere ku ukapolo. Nayenso mwana wakufayo akumubwerera, koma m'thupi lenileni, ndi dzina loti Beloved, akudya ndi kugona m'nyumba.

Kenako funsani kuti ovulalawa azunguliridwa ndi ndani. Septimus ali m'manja mwa madokotala Holmes ndi Sir William Bradshaw, omwe akufuna kumulekanitsa ndi mkazi wake Rezia, ndipo iye akudziponya pawindo. Sethe adasalidwa zaka zambiri, komabe pamapeto amayi a m'dera akubwera pakhomo pake akuimba, Beloved n'kuzimiririka. Kusiyana kumeneku kokha kungadzaze chimangirizo chonse.

Chachinayi, pa chilakolako musangosaka za mwamuna ndi mkazi. Clarissa adakana Peter Walsh n'kukwatiwa ndi Richard, koma chomwe amachisunga mumtima ndi tsiku lomwe mnzake wamkazi Sally Seton adamupsompsona ku Bourton. Chake ndi chilakolako cha moyo womwe sadausankhe. Cha Beloved ndi njala: akufuna zotsekemera, akufuna nkhani, akufuna Sethe yense, mpaka mayiyo akuwonda iye akunenepa.

Chenjezo lisanapite patali: musafananize zopweteka za Clarissa, mayi wolemera wa ku Westminster, ndi ukapolo ngati n'zolingana. Morrison adatenga maziko a nkhani yake pa Margaret Garner, kapolo yemwe mu 1856 adathawa ku Kentucky n'kupha mwana wake atazingidwa, m'nthawi yomwe lamulo la mu 1850 linkalola kugwira kapolo wothawa ngakhale m'madera opanda ukapolo. Mbiriyi iyenera kuoneka m'zolemba zanu.

Pomaliza pake, lembani. Ndime iliyonse ikhale ndi mfundo imodzi ndi mabuku onse awiri, osati buku ili ndime yake, linalo yake. Mfundo yanu yaikulu ikhale yoti wina angathe kuitsutsa, monga yakuti kwa Woolf munthu amakumbukira yekha mumtima, pomwe kwa Morrison zakale zimakhala pamalo ndipo zimagwira ngakhale Denver, mwana wa Sethe yemwe sadakhaleko ku Sweet Home. Umboni uliwonse muuperekeze ndi nambala ya tsamba, ndipo mutchule chaka chomwe buku muli nalolo lidasindikizidwa, chifukwa masamba amasiyana.