Kaumbidwe ka timiyala toyezera golide ta Aakan

Aakan, mtundu wa anthu a ku Ghana ndi Côte d'Ivoire, makamaka Aasante a ku Kumasi, ndalama yawo inali fumbi la golide, ndiye munthu wamalonda amayenda ndi kasikelo kake ndi timiyala ta mkuwa wachikasu uja amati brass. Anatigwiritsa ntchito kuyambira cha m'ma 1400 mpaka cha m'ma 1900 pomwe makobidi a Angerezi analowa. Luso lake lilipobe, pamudzi wa Krofofrom kufupi ndi Kumasi akuumbabe mpaka pano.

Mukafuna kuyesa kuumba, yambani ndi phula la njuchi. Lifewetseni m'madzi ofunda kenako umbani chomwe mukufuna, kaya ng'ona ziwiri za mimba imodzi, kaya mbalame ya sankofa yoyang'ana kumbuyo, ndipo mumatepo kandodo ka phula, kameneka ndi kamene kadzakhale njira ya mkuwa.

Pamene pali ntchito ndi pa dongo. Loyamba likhale lamadzimadzi, losakaniza ndi makala opera bwinobwino mpaka akhale ngati ufa, muzipaka pang'onopang'ono nkumadikira liwume musanapakenso, chifukwa dongo limeneli ndi lomwe limagwira timizere tonse ngakhale mamba a ng'ona, mukapupuluma apa basi chinthu chituluka chosaoneka nkhope. Kenako kutirani ndi dongo lokhakhala, kandodo kaja kokha kazionekera.

Likauma wambani pamoto, phula lisungunuka nkutuluka, mkati mutsala mphako. Ikani zidutswa za mkuwa m'kambiya kakang'ono, mukalumikize kukamwa kwa mphako ija nkumata zonse ndi dongo. Ikani pamakala kambiya kali pansi, pemererani ndi mvukuto, mkuwa ukasungunuka tembenuzani ndi mbaniro kuti utsikire mu mphakomo. Chikazizira swani dongolo. Chikombole chimodzi kamwala kamodzi, nchifukwa chake simungapeze tiwiri tofanana ndendende.

Ine chimandisangalatsa kwambiri nchakuti nthawi zina phula sankaligwiritsa nkomwe, ankangokuta mtedza weniweni kapena kachirombo m'dongo, moto nkutentha kukhala phulusa, mkuwa nkulowa m'malo mwake.

Musaiwale sikelo, kukongola kokha sikukwanira. Kakalemera kwambiri palani ndi tupa, kakapepuka onjezerani mtovu pang'ono. Mukaona kamwala kakale kodulidwa mwendo kapena kali ndi kachigamba ka mtovu musafulumire kunena kuti nkowonongeka, kawirikawiri mwini wake ankangofuna kakwane muyeso.