Kalumikizidwe ka thermostat yamakono ku boila ya combi

Ambiri mwa ife amene tinasamukira ku Britain tinaidziwa boila ya combi m'nyengo yathu yoyamba yachisanu, pamene bilu ya gasi inabwera ndi kutidabwitsa. Boila imeneyi ilibe thanki yosungiramo madzi otentha, koma imatenthetsa madzi pomwepo mukangotsegula mpopi, ndipo imatumizanso madzi otentha m'maradiyeta a m'zipinda. Chifukwa cha zimenezi, thermostat (kachipangizo koyeza kutentha kwa m'nyumba) yamakono monga Hive, Nest kapena tado ili ndi ntchito imodzi yokha pa boila yotereyi, ndiyo kuiuza nthawi yoti itenthetse nyumba ndi nthawi yoti ileke. Madzi a pampopi sawakhudza, choncho pogula Hive musankhe risiva (kabokosi kolumikizidwa ku boila ndi mawaya, kolandira uthenga wa thermostat popanda waya) ya njira imodzi, osati ya njira ziwiri imene inapangidwira nyumba zokhala ndi thanki.

Musanagwire sikuludiraiva pali mafunso awiri oyenera kuyankha. Ngati nyumba ndi yalendi, pemphani chilolezo kwa mwini wake. Funso lachiwiri ndi lalikulu kwambiri: kodi malo omangirapo mawaya mungawafike popanda kuchotsa chivundikiro chimene chimatsekera chipinda choyakiramo gasi? Pa maboila ambiri chivundikiro chakutsogolo ndicho chimatchinga utsi kuti usalowe m'nyumba, ndipo wololedwa kuchichotsa ndi mmisiri wolembetsedwa ku Gas Safe Register, bungwe limene linalowa m'malo mwa CORGI m'chaka cha 2009. Buku la boila yanu limafotokoza zimenezi. Ngati chivundikirocho n'chotere, itanani mmisiri, pakuti mpweya woipa wa gasi wosapsa bwino ulibe fungo ndipo umapha anthu ali m'tulo.

Ngati njira ili yotseguka, zimitsani boila pa swichi yake yapakhoma, tulutsani fyuzi yake, imene iyenera kukhala ya 3 A, ndi kuiika m'thumba mwanu kuti wina asaibwezeretse inu muli pa ntchito. Kenaka yesani mawaya ndi tesita yodalirika kuti mutsimikize kuti mulibe moto, ndipo jambulani chithunzi cha mmene mawaya onse alili musanamasule ngakhale mmodzi.

Chimene ndikufuna kuti chikhazikike m'maganizo mwanu ndi chakuti risiva ndi swichi chabe. Imafuna magetsi ake oiyendetsa, amene amalowera pa L ndi pa N, koma mawaya awiri opita ku boila amangokumana kapena kulekana m'kati mwake, ndipo mphamvu yodutsa pamenepo ndi imene boila yatumiza. Apa ndiye pamene anthu ambiri amaonongera boila. Maboila ena amayembekezera magetsi a 230 V pamalo a thermostat, monga Worcester Bosch Greenstar imene ili ndi malo olembedwa Ls ndi LR, pamene ena, monga ena a Vaillant ecoTEC, ali ndi malo olembedwa RT a mphamvu yochepa ya 24 V. Mukalowetsa 230 V pamalo a 24 V, bolodi yoyendetsa boila imapsa nthawi yomweyo, ndipo mtengo wake ukhoza kuposa wa thermostat imene mwagula. Chotero musakokere kawaya kuchoka pa L kupita pa malo a swichi mu risiva pongoona kuti wina anatero pa YouTube, kufikira buku la boila yanu litanena momveka kuti malowo ndi a 230 V.

Pa boila imene sinakhalepo ndi thermostat mudzapeza kawaya kakafupi kolumikiza malo awiriwo, kamene kamachititsa boila kuyesa kuti nthawi zonse ikuitanidwa. Kachotseni ndi kukasunga, ndipo m'malo mwake mangiranimo mawaya awiri opita ku risiva. Pa Hive ya njira imodzi, mawayawa amapita pa 1 ndi pa 3, pamene 2 ndi 4 amatsala opanda kanthu. Pa Heat Link, imene ndi risiva ya Nest, amapita pa 2 ndi pa 3. Waya wa bulawuni ndiye wamoto wopita pa L, wa buluu ndi nyutulo wopita pa N, ndipo wobiriwira wosakaniza ndi chikasu ndi wa efi, amene sayenera kugwiritsidwa ntchito ina iliyonse ngakhale mawaya atakuperewerani. M'nyumba zakale mudzapeza wofiira ndi wakuda m'malo mwa bulawuni ndi buluu. Magetsi a risiva achokere pa fyuzi imodzimodzi ya boila, kuti swichi imodzi izizimitsa zonse.

Ngati panali thermostat yakale yapakhoma, kungoisiya kumachititsa kuti ziwirizi zilimbane, choncho mawaya ake achotsedwe ku boila ndi kutsekeredwa bwino m'kabokosi.

Amene boila yawo imamva OpenTherm (njira imene thermostat imauzira boila kukula kwa moto wofunika), monga maboila ambiri a Ideal, ndikuwalangiza kuti asaphonye mwayi umenewu ngati thermostat yawo imaidziwanso. Mawaya awiri a mphamvu yochepa amapita pa malo olembedwa OT, ndipo m'malo mongoyaka ndi kuzima, boila imachepetsa moto pamene nyumba ikuyandikira kutentha kumene mwapempha, zimene zimapulumutsa gasi ndi kusunga kutentha kosadumphadumpha. Vaillant ndi Worcester Bosch ali ndi njira zawozawo, eBUS ndi EMS, zimene sizigwirizana ndi OpenTherm mwachindunji.

Risiva ikhale pafupifupi masentimita 30 kapena kuposerapo kuchokera pa boila, popeza chitsulo chimasokoneza uthenga wopanda waya, ndipo thermostat yeniyeniyo ikhale mita imodzi ndi theka kuchokera pansi, kutali ndi dzuwa, radiyeta ndi khomo lolowera mphepo. Mukatseka zonse ndi kubwezeretsa fyuzi, ikani wotchi ya pa boila kuti ikhale yoyaka nthawi zonse, apo ayi idzatsekereza malamulo a thermostat. Dinani batani la pa risiva, ndipo boila ikayaka ndi kuzimanso mukadina kachiwiri, mawaya ali bwino. Chotsala ndi kulumikiza thermostat ku intaneti ya m'nyumba kudzera pa foni yanu.