Kubwezeretsa mafayilo ndi maakaunti a kompyuta kuchokera ku backup

Mvula ikayamba kuno ku Zomba, ziphaliwali zochokera kuphiri ndi kuzimazima kwa magetsi zimawononga makompyuta ambiri. Nthawi ina ndinaitanidwa ku ofesi yaing'ono ku Chinamwali, kumene hard disk ya kompyuta imene anthu anayi ankagwiritsa ntchito inali itafa. Backup, kutanthauza kope ya mafayilo yosungidwa padera, anali nayo ndithu, ndipo anali atakopera kale zonse pa disk yatsopano, koma mayi amene amalemba makalata a ofesiyo atafuna kutsegula foda yawo, kompyuta inawakaniza. Mafayilo anabwerera, koma kompyuta sinkadziwa kuti mwini wake ndi ndani.

Chimene chimachititsa zimenezi ndi chakuti kompyuta sizindikira munthu ndi dzina limene timaona polowa, koma ndi nambala imene akaunti iliyonse imapatsidwa pamene ikupangidwa. Pa Windows nambalayi imatchedwa SID, ndipo akaunti yatsopano imalandira SID yatsopano ngakhale mutaipatsa dzina lomwelo la kale. Pa Ubuntu, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene ena amagwiritsa ntchito m'malo mwa Windows, imatchedwa UID, ndipo munthu woyamba amapatsidwa 1000, wachiwiri 1001, motsatizana choncho. Chifukwa cha ichi, maakaunti ndiwo ayenera kuyamba, mafayilo abwere pambuyo.

Musanachite chilichonse, tetezani backup yomweyo. Ngati muli ndi disk ina, koperanipo backup yonse ndipo muzigwira ntchito ndi kopeyo, chifukwa munthu wothamangira kumaliza amatha kufufuta chinthu chokhacho chimene chinatsala. Ngati chinaononga kompyuta ndi virus, musalumikize disk ya backup mpaka mutaika Windows kapena Ubuntu mwatsopano. Ndikulimbikitsanso kuti kompyuta ikhale pa UPS, batire limene limaipatsa mphamvu magetsi akazima, kapena mugwiritse ntchito laputopu ya batire lodzaza, popeza magetsi akazima pakati pa kukopera, mafayilo ena amatsala oduka ndipo simudziwa msanga kuti ndi ati.

Pa Windows, yambani ndi kuona mtundu wa backup imene muli nayo. Ngati ndi system image, imene ndi kope ya disk yonse, imabwezeretsa zonse pamodzi, maakaunti, mapasiwedi ndi mapulogalamu, koma imafufuta chilichonse chimene chili pa disk imene mukubwezeretserapo, ndipo imabweretsanso vuto lililonse limene linalipo tsiku limene inapangidwa. Ngati ndi mafayilo okha, pitani ku Settings, kenako Accounts, mupange akaunti ya munthu aliyense. Aliyense alowe kamodzi mu akaunti yake kuti Windows impangire foda yake mu C:\Users, ndipo pokhapo mpamene mungakopere Documents, Desktop, Pictures ndi Downloads kulowa mu foda yatsopanoyo. Musakopere foda yonse yakale pamwamba pa yatsopano, chifukwa muli fayilo yobisika yotchedwa NTUSER.DAT imene imasunga makonzedwe a akaunti yakale, ndipo ikalowa pamalo olakwika munthu amalephera kulowa bwino. Mulinso foda yobisika ya AppData, mmene mapulogalamu ambiri amasungira zinthu zawo. Tengani mmenemo za pulogalamu imene mukuifunadi, osati zonse.

Amene ankagwiritsa ntchito File History, njira ya Windows yopangira backup ya mafayilo, atsegule Control Panel, asankhe disk yomwe ili ndi backup, auze Windows kuti igwiritse ntchito backup yakale imene ili pa diskiyo, kenako asankhe Restore personal files ndi kuyang'ana bwino tsiku la mafayilo asanawabwezeretse. Foda ikakana kutseguka, monga zinachitikira mayi aja, dinani Properties ya fodayo, kenako Security ndi Advanced, musinthe Owner kukhala akaunti yatsopano, mukumbukirenso kuchonga kuti kusinthaku kufike ku mafoda onse a mkati. Kwa iwo zinatenga mphindi zochepa chabe, ndipo makalata a zaka zitatu anaonekeranso.

Disk yotsekedwa ndi BitLocker, loko wa Windows wobisa zonse zimene zili pa disk, ndi nkhani ina. Imafuna kiyi ya manambala 48, imene kawirikawiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya mwini kompyuta, ndipo popanda kiyiyo kapena pasiwedi ya diskiyo palibe katswiri amene angaitsegule.

Pa Ubuntu ntchito ndi yoonekera bwino, koma pamafunika kudekha. Mayina ndi manambala a maakaunti amakhala mu fayilo ya /etc/passwd, mapasiwedi obisika ali mu /etc/shadow, ndipo magulu ali mu /etc/group. Ena amangokopera mafayilo atatuwa pamwamba pa atsopano, koma ine sindigwirizana nazo, chifukwa mulinso maakaunti a mapulogalamu a kompyuta amene manambala awo angasiyane ndi a kale. Njira yabwino ndi kutsegula passwd ya mu backup, kulemba papepala UID ya munthu aliyense, kenako kupanga akaunti ndi nambala yomweyo polemba mu Terminal, malo olemberamo malamulo, sudo adduser --uid, kenako nambalayo (monga 1001) ndi dzina la munthuyo. Mukatero koperani foda yake kulowa mu /home pogwiritsa ntchito sudo rsync -a, lamulo limene limasunga umwini wa mafayilo, zilolezo ndi masiku ake. Ngati backup inali pa flash ya FAT32 kapena exFAT, mitundu ya kasungidwe ka mafayilo imene sisunga umwini, umwiniwo unatayika kale, choncho muyenera kuubwezera ndi sudo chown -R. Dziwaninso kuti FAT32 silandira fayilo yopitirira 4 GB, ndiye ngati munali mavidiyo aakulu, onani ngati analowadi mu backup.

Mukamaliza musanyamuke msanga. Itanani munthu aliyense akhale pa mpando, alowe ndi pasiwedi yake yatsopano, atsegule fayilo imene anaigwiritsa ntchito komaliza, asinthemo kanthu ndi kusunga, chifukwa foda imatha kutseguka koma nkukana kusunga. Funsaninso za makalata a pa imelo ndi za pulogalamu yowerengera ndalama, popeza zimenezi nthawi zambiri zimasungidwa malo osayembekezeka. Backup yakale isungeni osaikhudza mpaka mutapanga yatsopano pa disk ina, ndi kuyesa kubwezeretsa fayilo imodzi kuchokera mmenemo kuti muone ndi maso anu kuti ikutseguka.