Mmene mungapezere malo a elementi pa periodic table osaloweza

Anthu ambiri akangoona periodic table, tebulo losanja maelementi kapena kuti mitundu ya maatomu, mutu umayamba kuwawa, mabokosi 118 onse aja, ndiye amayamba kuloweza ngati nyimbo koma kukacha zonse zauluka. Ine ndimati musavutike nkuloweza, gwirani atomic number basi, zinazo zimatuluka pomwepo.

Poyamba dziwani kuti atomu ili ndi tinthu titatu. Pakati pali nyukiliyasi, m'menemo muli mapulotoni a chaji ya pozitivi ndi manyutuloni omwe alibe chaji iliyonse, ndiye kunja kuli maelekitironi a chaji ya negetivi, opepuka zedi moti pa kulemera kwa atomu sitiwawerengera nkomwe. Atomic number ija ndi kuchuluka kwa mapulotoni, ndipo atomu ikakhala yopanda chaji maelekitironi amakhalanso nambala yomweyo.

Tiyeni titenge sodium, nambala yake ndi 11. Tengani pepala, ikani kadontho pakati kenako jambulani mizere yozungulira kadonthoko, mizereyi ndi imene amati mashelo. Shelo yoyamba imalowa maelekitironi 2 okha, yachiwiri 8, yachitatunso 8. Ndiye pa 11 paja ikani 2, ikani 8, yatsala imodzi, lembani 2,8,1. Tsopano werengani mashelo, alipo atatu, ndiye kuti sodium ali mu piriyodi 3, piriyodi ndi mzere wopingasa wa pa tebulo. Ku shelo yakunja kuli elekitironi imodzi, ndiye gulupu 1, gulupu ndi mzere wotsika. Mwaona eti, malo mwawapeza tebulo musanaliyang'ane nkomwe.

Chlorine ndi 17, imabwera 2,8,7, piriyodi 3 gulupu 7, mabuku ena amalemba gulupu 17 koma ndi yomweyomweyo musadabwe.

Apa mpamene ine pamandikomera. Sodium ali ndi imodzi kunja imene savuta kuitaya, chlorine akusowa imodzi kuti akwane 8, akakumana wina amapereka wina nkulandira, chimatuluka ndi mchere. Tangoganizani, sodium payekha ndi chitsulo chofewa chodulika ndi mpeni, amachisunga m'mafuta chifukwa chikakhudza madzi chimathamanga pamwamba uku chikuchita thovu, chlorine naye ndi mpweya wapoizoni wachikasu mobiriwirako, koma awiriwa pamodzi ndi mchere wamba.

Yesani potassium, 19, mupeza 2,8,8,1. Kunja kuli imodzi ngati sodium, ndiye khalidwe lawo nlofanana, kungoti potassium ndi waukali kuposa, pamadzi amayaka moto ndithu, chifukwa elekitironi yake ili kutali ndi nyukiliyasi ndiye imachoka mosavuta. Mukamatsika gulupu 1 ukaliwo umanka nukula. Argon ndi 2,8,8, shelo yakunja njokwana kale, nchifukwa chake safuna za wina aliyense.

Chenjezo, njira ya 2,8,8 imagwira bwino mpaka pa calcium, nambala 20. Kupitirira pamenepo mashelo amadzaza mwa mtundu wina, musaikakamize pa iron kapena copper.

Manyutuloni ndi osavuta, chotsani atomic number pa mass number (mapulotoni kuphatikiza manyutuloni), sodium 23 kuchotsa 11 ndi 12. Koma pa chlorine mupeza 35.5, chonde musalembe kuti manyutuloni alipo 18.5, nyutuloni ya theka kulibe. Nambala imeneyo ndi avareji ya ma isotope awiri, kutanthauza maatomu a elementi imodzi osiyana manyutuloni, chlorine-35 wa manyutuloni 18 ndi chlorine-37 wa manyutuloni 20, ndipo imapendekera ku 35 chifukwa chlorine-35 ndi amene amachuluka.

Dmitri Mendeleev posanja tebulo lake mu 1869 za maelekitironi sankazidziwa nkomwe, ankangoona kuti makhalidwe akubwerezabwereza, mpaka anasiya mabokosi opanda kanthu nkunena kuti muli maelementi amene sanapezeke. Gallium anapezekadi mu 1875, nkukakhala pansi pa aluminium. Aluminium ndi 13, tajambulani mashelo ake muone kuti gallium ali gulupu iti.