Pofufuza makolo a ku Scotland, musakakamire kalembedwe kamodzi ka dzina

Makolo a apongozi anga, a Mackay, anachoka ku Sutherland, kumpoto kwa Scotland, kupita ku Nova Scotia ku Canada. Ndinatha miyezi iwiri ndikufufuza "Mackay" basi, osaphula kanthu. Dzinali m'Chigaelic, chinenero chamakolo cha ku Scotland, ndi MacAoidh, ndipo alembi a m'matchalitchi ankangolilemba mmene alimvera: McKay, M'Kay, McKie.

Ndiye pa ScotlandsPeople, webusaiti ya boma yofufuzirapo zolembedwa za makolo a ku Scotland, lembani M*kay. Kanyenyeziko kamakoka Mackay ndi McKay pamodzi, koma McKie mumufufuze payekha. Boma linayamba kulemba obadwa, maukwati ndi omwalira mu 1855. Za m'mbuyo mwake zili m'mabuku a parishi.

Dzina lokha lingakusocheretseni, a John Mackay analipo mbwee! Onaninso parishi, ntchito ndi dzina la mkazi asanakwatiwe. Ineyo chimene chinanditsegulira njira ndi dzina la mkazilo.