Mukufuna kulowa mpikisano wa zamatabwa? Konzani mapepala ndi zithunzi motere

Akalipentala a mu Blantyre muno luso ali nalo ndithu, pitani ku Ndirande, Bangwe kaya Chilomoni mukaone, koma ikafika nkhani ya mpikisano ambiri amagwera pa mapepala. Tebulo lokongola, vanishi waliwali, koma majaji kufunsa umboni woti mwapanga ndinu, palibe. Vuto lake ndi loti umboniwu sungapangidwe ntchito itatha, umayamba musanadule thabwa loyamba.

Choyamba werengani malamulo a mpikisanowo mpaka kumapeto, osangothamangira kuona mphoto ayi. Onani tsiku lotsekera, kukula kwa chinthu komwe akulola, ndi gawo lomwe mukulowa, poti nthawi zambiri ophunzira amawasiyanitsa ndi omwe ali kale pa shedi. Pa fomu lembani dzina momwe lilili pa chiphaso cha unzika, dzina lomwe anyamata amakutchulani kuntchito lisiyeni kaye, ndipo fotokope ya chiphasocho ikhalepo. Ngati ndinu wophunzira, mwina ku Soche Technical College kaya kwina kulikonse pansi pa TEVETA, pemphani kalata kwa aphunzitsi anu. Ndalama yolowera mukalipira pa Mpamba kapena Airtel Money meseji ija osaifuta.

Kenako jambulani pulani. Sizikufuna kompyuta, pensulo ndi lula basi, bola chinthucho chioneke kutsogolo, m'mbali ndi pamwamba, miyeso yonse ilembedwe. Sankhani chimodzi, mamilimita kapena mainchesi, kusakaniza kumasokoneza. Papepala lina lembani zidutswa zonse, miyendo ingati, utali wake, mulifupi, kukhuthala, chimodzimodzi mpaka timatabwa ta m'madilowa.

Pa nkhani ya matabwa tikhalepo pang'ono chifukwa apa mpamene anthu amadzipweteka okha. Lembani mtundu weniweni wa mtengo, mlombwa ukhale mlombwa, mbawa ikhale mbawa, ngati ndi paini wa ku Chikangawa kapena bulugama nenani choncho, palibe manyazi, paini wopala bwino amapambana mlombwa wolumikiza mwachisawawa. Koma kupaka paini utoto wofiirira n'kulemba kuti mbawa, eee, majaji ambiri ndi amisiri akale, angonyamula kumva kupepuka kwake ndiye kuti zanu zathera pompo. Pogula matabwa pemphani lisiti ngakhale wogulitsayo achite kulemba pamanja, pakhale tsiku, mtundu wa matabwa ndi kuchuluka kwake. Lamulo la nkhalango la 1997 analikonzanso mu 2020 ndipo zilango zinakwera, ndiye mitengo yachilengedwe si yongogula mwakachetechete. Mkungudza wa ku Mulanje, womwe ndi mtengo wa fuko lathu, ndi wotetezedwa, ndipo mu 2019 iwo pamodzi ndi mukula unalowa pa mndandanda wa CITES wa mitengo yomwe malonda ake amayang'aniridwa padziko lonse. Kwa ine mkungudzawo bola kungousiya, osaulowetsa mumpikisano. Ngati mukugwiritsa ntchito matabwa akale, monga chitseko chomwe chinachotsedwa panyumba, chijambuleni chisanaphwasulidwe kuti gwero lake lioneke.

Tsopano zithunzi. Jambulani matabwa asanapalidwe, polemba mizere, podula, popala ndi puleni, ndipo makamaka majointi musanathire guluu. Mukangolumikiza n'kupaka vanishi palibe amene angaone ngati mkatimo muli motisi ndi tenoni (bowo pa thabwa lina ndi nsonga ya linzake yolowa m'bowomo) kapena mwangokhoma misomali n'kubisa mitu yake ndi utuchi, chithunzi chokhacho ndi chomwe chingakuyankhulireni. Pazithunzi zina muzioneka inuyo nkhope ndi manja muli pa ntchito, mupatseni mnyamata wa pa shedi foni akujambuleni. Pukutani kaye kamera, fumbi la sandipepa limachititsa zithunzi kuoneka mbuu. Chinthu chikatha chitulutseni panja pamthunzi m'mawa, kumbuyo kukhale khoma loyera kapena nsalu, fulashi ayi chifukwa imathwanima pa vanishi. Jambulani kutsogolo, m'mbali, kumbuyo, kunsi ndi mkati mwa madilowa, chimodzi muikepo tepi kuti kukula kudziwike. Potumiza pa WhatsApp tumizani ngati Document, mukatumiza mwawamba zithunzi zimachepetsedwa mphamvu. Ndipo muzitumizenso ku imelo yanu, mafoni amasowa m'maminibasi a ku Limbe muno.

Pakufunikanso kalata yaifupi yofotokoza ntchitoyo, tsamba limodzi lakwana. Nenani kuti ndi chiyani, munapangira ndani, zida zomwe munagwiritsa ntchito, guluu wanji, vanishi munapaka kangati, zinatenga nthawi yaitali bwanji. Ngati miyendo munakazunguzitsa pa makina a munthu wina, kapena makushoni anasoka ndi telala, lembani, ngati kapangidwe munakaona pa Facebook kapena YouTube lembaninso ndipo onetsani pomwe mwasintha. Kubisa ndi komwe kumachotsetsa munthu mumpikisano.

Zonsezi chitani fotokope ziwiriziwiri, zina mu envulopu yokapereka zina zotsala kunyumba. Funsani ngati dzina likuloledwa pa chinthucho, mipikisano ina imafuna nambala yokha kuti majaji asadziwe mwini wake, ndiye mumangomata kapepala kunsi. Tsiku lokasiya katundu yang'anani limodzi ndi wolandirayo ngati sanakalike panjira, ndipo akusainireni kuti walandira ali bwinobwino musanachoke.